Pasiwedi Yanga Inali m'Kope la Anti

Kalata inkafunika Lachisanu. Aphunzitsi athu a ku koleji ananena kawiri, kenako analemba pa bolodi: aliyense abweretse kalata yodinda kuchokera ku ofesi imene yamulola kukachita atachimenti, kukaphunzira ntchito miyezi itatu. Wopanda kalata sapita nawo chaka chomaliza, adikira mpaka chaka chamawa. Pofika Lolemba la sabata imeneyo, anzanga ambiri anali atapereka kale. Ine ndinalibe.

Ndinali nditatumiza makalata kumaofesi angapo. Kapena ndinene zoona zake, ananditumizira ndi Anti.

Anti anali mayi wa kashopu kotayipa pafupi ndi geti la koleji. Sanali m'bale wa aliyense wa ife, koma tonse tinkawaitana choncho. Zaka zimenezo ophunzira ankachuluka chaka ndi chaka, anthu akumanga mahositelo paliponse pamene panali munda wa chimanga, ndipo timashopu totayipa tinandandalika m'mbali mwa msewu. Ka Anti ndiko kankadzaza kwambiri chifukwa ankafulumira. Ntchito ya m'kalasi tinkalemba pamanja, n'kuwasiyira m'mawa, madzulo n'kuipeza yotayipa bwinobwino, yomanga ndi sitepulo. Aphunzitsi atayamba kunena kuti ntchito izipita pa imelo, Anti anatitsegulira maimelo tonse. Adilesi ndi pasiwedi ya aliyense ankalemba m'kope lakuda lachikuto cholimba, limene analimangirira ndi chingwe kumwendo wa tebulo.

"Imwe mukuluwa, ine nkhuluwa yayi," ankatero m'Chitumbuka, kutanthauza kuti ife timaiwala koma iwo ayi. Ndipo sitinkaona cholakwika. Ukafuna kutumiza kanthu, unkangotchula dzina lako, iwo n'kutsegula kope.

Ine ankanditcha wa soni, wamanyazi. Sanalakwitse. Ku sekondale kompyuta imodzi tinkaizungulira gulu lonse, ndipo pampando pankakhala olimba mtima. Tsiku lina aphunzitsi anandiloza kuti ndikhale. Nditagwira mawusi, kamuvi kanathawira pakona n'kusowa. Ndinakankha mawusi mpaka anagwa patebulo n'kulendewera pachingwe chake. Anzanga anaseka, osati mwankhanza, koma anaseka. Kuyambira pamenepo ndinakhala mlembi wa gulu: ena akudina, ine ndaima kumbuyo ndikulemba m'kope zimene akuchita. Mayeso a papepala ndinakhoza bwino. Ndinkatha kujambula kiyibodi yonse osaonera, batani lililonse pamalo pake. Kuigwira ndiye ayi. Ku koleji ndinapitiriza chimodzimodzi, ndipo palibe anazindikira chifukwa ntchito yanga inkafika yotayipa ngati ya wina aliyense.

Lolemba lija masana foni yanga inalira ndili pa kabaza, ndikubwerera kwathu ku Chiputula, kuno ku Mzuzu. Anali mayi wa ku bungwe lina lokumba ndi kukonza mijigo m'midzi. Anati ndifike Lachitatu eyiti koloko, aitana anthu anayi koma malo ndi amodzi.

"Pakhala kamayeso ka pa kompyuta, kakang'ono," anatero asanadule.

M'kope langa la tsiku ndi tsiku, limene ndinayamba kulemba ndili fomu 2, tsamba la tsikulo lili ndi mizere itatu yokha: "Andiitana. Ndauza amayi za kuitanako, za kamayesoko sindinawauze. Mawa ndipita kwa Anti."

Lachiwiri ndinapita kwa Anti kuti andilole ndiyeserere ngakhale pang'ono. Ndinapeza mzere wafika panja. Inali sabata yopereka ntchito zambiri, pirinta ikulira osapuma. Ndinadikira mpaka nditafika pafupi ndi tebulo, n'kuwanong'oneza.

"Ukuti vichi, wa soni? Yowoya mwamphamvu, makinawa akusokosa!"

Ndinabwereza. Anthu a pamzere anamva onse.

"Mayeso a kompyuta? Asi CV yako ikuti ukumanya?" Anatsegula CV yanga pa sikirini n'kuloza ndi chikhadabo. Pansi penipeni panali mzere wa Chingerezi wonena kuti ndimadziwa bwino kwambiri mapulogalamu a pa kompyuta, ndipo anawatchula anayi. Papepala limene ndinawapatsa ine munalibe mzere umenewo. Ndinali nditauona kale CV itatuluka, koma ndinachita manyazi kufunsa.

"Anti, mzerewu sindinalembe ine."

"Ndimamuikira waliyose, mwana wane. Popanda umenewu sakuitana. Wona, akuitana." Anaseka, kenako anandiyang'ana bwino n'kusiya kuseka. "Khala apa maminitsi faivi."

Anadzuka pampando. Kumbuyo kwanga wina anadandaula kuti kalasi yake iyamba posachedwa. Wina anati, "Asisi, sukulu ya kompyuta ili ku tawuni, kuno tabwerera ntchito." Ndinayang'ana mpando uja, ndinayang'ana mzere wa anthu, ndipo ndinathokoza n'kuti, "Yewo, Anti, ndibwera nthawi ina." Ndinatuluka.

Kunyumba ndinapeza amayi akusita bulauzi yanga yoyera. Amayi ndi a ku Mulanje, anabwera kuno ndi ntchito ya malemu bambo, ndipo mvula yowaza ya ku Mzuzu amaitchabe chiperoni. Anati nditenge ambulera yawo yaikulu, chiperoni chisandinyowetsere mapepala. Ndinatsala pang'ono kuwauza. Koma ankasita kolala mosamala kwambiri, akuimba chapansipansi, ndiye ndinangopita kukatunga madzi.

Ofesi ya bungwe lija inali m'nyumba yatsopano yosanja, pamwamba pake amisiri akadamangabe. Tinakhala pa benchi anthu anayi: ine, anyamata awiri a ku koleji kwathu, ndi mtsikana wina wa koleji ina amene anali ndi chikwama cha laputopu pamiyendo. Mayi amene anandiimbira uja anatuluka. Anali wamfupi, wa magalasi, wovala nsapato za kumunda. Anatilonjera m'Chitumbuka, n'kutilowetsa m'chipinda cha madesiki anayi okhala ndi makompyuta, eni ake atapita kumidzi. Anayala ma CV athu patebulo ngati akuyanika.

"Inu atatu ndinu pachibale?" anafunsa, akuloza ine ndi anyamata aja.

Tinati ayi, madamu.

"Ndimayesa mapasa. Nonse mumakonda kuwerenga mabuku ndi kupanga abwenzi atsopano. Nonse mumadziwa mapulogalamu anayi omwewa, ndipo lachitatu nonse mwalilemba molakwika mofanana." Mnyamata mmodzi anaseka. Madamu sanaseke, komanso sanaoneke okwiya. "Chabwino. Tione."

Anatipatsa pepala aliyense. Panali mndandanda wa mijigo: dzina la mudzi, dzina la dera, ndi mawu onena ngati mjigowo ukugwira ntchito kapena unafa. Tilowetse zonsezo mu Ekiselo, mijigo yakufa ikhale pamwamba, kenako titumize pa imelo ku adilesi imene analemba pa bolodi. Maminitsi makumi anayi.

Mtsikana wa laputopu anali kumanja kwanga. Zala zake zinayamba kulira ngati mvula pa malata. Ndinasuzumira pa sikirini yake kuti ndione pamene wadina, n'kudina pomwepo. Patsogolo panga panatseguka timabokosi tambirimbiri. Ndinkatidziwa, ndinatijambulapo m'kope, ndi mayina ake omwe. Ndinagwira mawusi ndi manja awiri kuti asathawe.

Ndinatayipa ndi chala chimodzi. Chilembo chilichonse ndinkadziwa pamene chili, koma chala chinkafika mochedwa, nthawi zina n'kudina ziwiri. Njira youza kompyuta kuti isanje yokha mijigo yakufa pamwamba ndinkaikumbukira m'mawu, monga ndinailembera pamayeso, koma pa sikirini sindinaone poyambira. Ndiye ndinatenga cholembera, ndinachonga yakufa yonse papepala, n'kuyamba kutayipa imeneyo. Madamu anadutsa kumbuyo kwanga, anaima pang'ono, n'kupitirira.

Mtsikana uja anamaliza ine ndisanafike pakati. Anapinda manja n'kumayang'ana pawindo. Mnyamata mmodzi atamaliza kutayipa anatulutsa foni n'kuilozetsa pa sikirini.

"Achimwene, mukutani?"

"Ndikujambula, madamu, ndikutumizireni pa Watsapu. Ndi chimodzimodzi."

"Chithunzi ndichita nacho chiyani ine? Ndichipachike pakhoma? Ndati imelo."

Anabweza foni m'thumba. Nanenso ndinkaganiza zomwezo.

Mudzi womaliza ndinautayipa kutatsala maminitsi khumi ndi awiri. Kusunga ntchito ndinaonera kwa mnyamata wa kumanzere. Kenako ndinatsegula tsamba la imelo, ndipo linandifunsa zinthu ziwiri. Adilesi ndinakopera pa CV yanga. Kabokosi kachiwiri kanangokhala mbee, kakudikira. Zaka zitatu ndili ndi imelo, pasiwedi yake ndinali ndisanaionepo.

Ndinakweza dzanja ngati mwana wa pulayimale.

"Madamu, ndingapite nawo kuchimbudzi?"

Anayang'ana wotchi. "Nthawi siima."

Chimbudzi chinali kumapeto kwa khonde. Ndinatseka chitseko n'kuimbira Anti. Inalira mpaka inaduka. Ndinaimbanso. Pamwamba amisiri ankamenya chitsulo.

"Halo? Ndi njani?"

"Ndine, Anti, wa soni. Ndikufuna pasiwedi yanga. Chonde, msanga."

"Wa soni! Vyayenda? Akulemba?"

"Ndili pa mayeso. Pasiwedi, Anti."

"Lindizga." Ndinadikira. Ndinamva akuuza wina kuti asunthe mwendo, waponda chingwe cha kope. Ndinamva masamba akutembenuzidwa, limodzi limodzi. "A dzina ili mulipo atatu. Ndiwe wa ku Chibanja?"

"Wa ku Chiputula."

"Wa ku Chiputula. Eya. Lemba."

Pasiwediyo inali dzina la mudzi wa kwawo kwa Anti ndi manambala atatu. Ndinalemba pachikhatho. Anati chilembo choyamba ndi chachikulu, n'kuyamba kundifunsa ngati ndadya. Ndinadula foni, chinthu chimene ndinali ndisanachitirepo munthu wamkulu.

Nditabwerera kunatsala maminitsi asanu. Ndinatayipa nditabisa dzanja pansi pa desiki, ndikusuzumira. Inakana. Ndinaona kuti ndaiwala chilembo chachikulu. Ndinadina batani la zilembo zazikulu, ndinatayipanso, ndipo inakananso ndi mawu ofiira. Thukuta linayamba kusungunula inki. Nambala yomaliza sinkaonekanso ngati ndi 3 kapena 8.

"Batanilo mwalisiya loyatsa, zonse zikutuluka zazikulu." Madamu anali ataima kumbuyo kwanga. Sindikudziwa kuti anafika nthawi yanji. "Lizimitseni. Gwirani ili ndi chala china, mudine chilembo choyamba, mulisiye. Dzanjalo liikeni poyera, ndaliona kale."

Ndinaika dzanja pa desiki, chikhatho m'mwamba. Ndinasankha 8. Tsamba linazungulira, linazungulira, n'kutseguka.

Ndinkayembekezera malo opanda kanthu olembapo. M'malo mwake panatsika mndandanda wautali wa makalata, onse a zilembo zakuda kwambiri. Sindinadziwe tanthauzo la kudako. Madamu anawerama.

"Awa onse simunawatsegulepo?"

Anaweramuka n'kuyang'ana wotchi.

"Nthawi yatha," anauza chipinda chonse. "Enanu mudikire panja. Inu khalani."

Atatuluka anzanga, anakoka mpando n'kukhala pambali panga. Analoza kalata yachinayi kuchokera pamwamba. Ndinaitsegula. Inachokera ku ofesi yoyang'anira masukulu a mpingo wina, amodzi mwa malo amene Anti ananditumizira kalata. Inali yaifupi. Anandilandira kuti ndikachite atachimenti. Ankangopempha kuti ndiyankhe pa imelo yomweyo kutsimikiza, lisanadutse Lachisanu la sabata yatha.

Ndinaiwerenga katatu. Masiku onse amene ndinkayenda mwakachetechete m'nyumba, ndikuopa kuyang'ana amayi, malo anga anali m'menemu akundidikira.

"Imeloyi amakugwirirani ndani?"

Ndinawauza zonse. Za Anti, za kope lakuda, za mzere wa pa CV, ngakhale za mawusi olendewera ku sekondale, zimene sanafunse. Ndinkalankhula ndikuyang'ana kiyibodi. Anandisiya mpaka ndinamaliza.

"Malo a kuno ndipatsa mtsikana uja," anatero. "Musayembekezere kanthu kwa ine. Anthu anga akabwera kumidzi ndi mapepala, ndimafuna munthu woti pofika madzulo zonse zalowa. Inu mungandichedwetse." Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya malaya. "Koma kalata iyi muiyankha pano, musanadzuke."

"Tsiku linadutsa, madamu."

"Ndaona. Yankhani."

Ndinadikira kuti andiuze mawu. Anapinda manja. Ndinayamba ndekha, ndi chala chimodzi chomwecho. Ndinapepesa, ndinati kalata yawo ndaiona lero chifukwa imelo yanga sindinkaitsegula ndekha, ndinafunsa ngati malowo akadalipo. Mizere inayi inanditengera nthawi yaitali kuposa mijigo khumi.

"CV imene ali nayo ndi yomweyi?" anafunsa madamu.

"Eya."

"Ndiye mzere uja muusiya choncho?"

Ndinaganiza. Ndachedwa kale masiku asanu. Ndikawonjezera kuti kompyuta sindiidziwa, ndiye ndawapatsa chifukwa chachiwiri chondikanira, ndipo kwatsala masiku awiri. Ndikapanda kunena, mwina andilandira, koma tsiku loyamba andikhazika pa desiki ngati iyi, wina ataima kumbuyo. Madamu sanandithandize. Ankayang'ana amisiri akutsitsa ndowa pawindo.

Ndinalemba mzere wachisanu: kuti zimene CV yanga ikunena za kompyuta n'zokokomeza, ndimadziwa zochepa, koma ndikufuna kuphunzira. Ndinadina potumizira ndisanasinthe maganizo. Kenako anandionetsa kuika imelo pa foni yanga, zimene zinatenga kanthawi kochepa moti ndinachita manyazi, ndipo ananditsanzika.

Amayi ndinawauza tsiku lomwelo, ndisanavule nsapato. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anafunsa chinthu chimodzi: "Ndiye zaka zonsezi pa kompyuta ankakhalapo ndi mayi ameneyo?" Ndinati eya. Anapita kukaanula zovala ngakhale zinali zisanaume.

Lachinayi ndinakhala ndi foni m'manja tsiku lonse. Ndinkakokera sikirini pansi kuti ndione ngati kwabwera kanthu, mpaka chala chinawawa. Masana inalira, ndinalumpha, koma anali Anti. Ndinawauza za makalata osatsegula aja.

"Ine nkhutuma waka, kungotumiza basi, mwana wane. Kuwerenga ndimayesa mukuwerenga mwekha." Pirinta inkalira kumbuyo kwawo. "Kope lonseli? Ena naonso angakhale…" Sanamalize. Anati, "Pepa chomene," n'kudula. Sindinawakwiyire. Ndinayesa, koma sizinatheke.

Lachisanu teni koloko inakwana popanda yankho. Ofesi ya ku koleji inkatseka hafu pasiti folo. Ndinavala bulauzi yoyera ija ndipo ndinapita ndekha ku ofesi ya masukulu a mpingo. Ndinafika pageti n'kupitirira, ngati ndikupita kwina. Ndinabwerera, ndinapitiriranso. Kachitatu mlonda anandifunsa ngati ndasochera, ndipo ndinalowa chifukwa kunama ndinalephera.

Mkulu wa ofesiyo anali bambo wa imvi, wolankhula pang'onopang'ono. Nditatchula dzina langa anagwedeza mutu.

"Ndinu aja ochedwa. Kalata yanu ndinaiona dzulo, ndinasowa choyankha. Malo aja tinapatsa wina, mwana wanga. Tinadikira."

"Ndamva, bambo. Yewo."

Ndinayenera kudzuka. Sindinadzuke. Ndinangokhala, ndikuyang'ana kalendala ya pakhoma, ndipo iwo anayamba kusanja mapepala amene anali osanjika kale.

"Mwati kompyuta simuidziwa."

"Pang'ono pokha, bambo."

"Fumbi mumaliopa?"

Ndinati ayi. Ananditengera kuchipinda cha kuseri. Munali makatoni mpaka kudenga, mafailo a aphunzitsi a zaka zambiri, ena atadyedwa ndi chiswe m'mbali. Anati akhala akufuna kuti asanjidwe, mayina alowe mu kompyuta, koma palibe amafuna kulowamo. Desiki ndilibe yokupatsani, anatero, muzikhala pa benchi iyi. Kompyuta ndi ya mlembi, muziigwira akapita kukadya. Mukathedwa nzeru muzifunsa, musamangokhala chete.

"Ndivomera, bambo."

"Simunaganize n'komwe."

"Ndivomera."

Kalata analemba nthawi yomweyo, koma chidindo chinali m'kabati yokhoma, ndipo mlembi amene anali ndi kiyi anali atapita kumaliro ku Katoto. Ndinadikira pa benchi panja. Wani koloko inadutsa, thuu koloko inadutsa. Mlonda anandipatsa nthochi, ndinaigwira osadya. Mlembi anafika itadutsa fili koloko, atamanga chitenje, maso ofiira. Anatsegula kabati osafunsa kuti ndine ndani. Chidindo choyamba sichinaoneke bwino, inki inali itauma. Anachiuzira mpweya n'kudindanso pambali pake.

Wa kabaza ndinamuuza kuti athamange, ine amene ndinali ndisanauzepo munthu chochita. Kalata ndinaiika m'kati mwa bulauzi. Pa ofesi ya ku koleji ndinapeza anthu awiri patsogolo panga, kalaliki akuyang'ana wotchi. Itafika nthawi yanga anatenga kalata, anayang'ana zidindo ziwirizo, anachonga dzina langa pamndandanda, n'kuiponya m'failo.

"Wotsatira," anatero.

Kumbuyo kwanga kunalibe munthu. Ndinatuluka, ndinakhala pansi pa masitepe, ndipo ndinaimbira amayi.